Usilikali Wosabweza Munthu

Abusa, zikomo pondipatsa mpata. Azimayi, azibambo, abale anga ndi alongo anga, landirani moni wanga m'dzina la Yesu. Aleluya! Ayi, aleluya ameneyo ndi wa anthu oti sanadye. Lero ndi Lachisanu, tili pa ofu, madamu kulibe, supavaiza kulibe. Aleluya!

Eya, tsopano ndiye ndingayankhule.

Kwa amene simundidziwa, ine ndine Fatsani, kwathu ndi ku Mchinji. Ndimagwira ntchito ya sekyurite pa maofesi ena ku Al Mirqab, kuno ku Doha. Lero ndili ndi chimwemwe. Ndikayamba kulumpha mundipirire.

Abale anga, ine chibadwire ndinkafuna usilikali. Anzanga ankati uphunzitsi, ena udalaivala, ine usilikali basi. Galimoto ya asilikali ikamadutsa pa msewu wopita ku boda, ndinkasiya chilichonse n'kuima njo, kuchita sawasha. Amayi ankati mwana uyu anandilodzera ndani. Koma palibe anandilodza, unali mtima wanga.

Nditamaliza Fomu 4 kunamveka kuti asilikali akubwera pa boma kudzalemba anyamata. Ndinayamba kuthamanga m'mawa uliwonse. Ndiye amalume anga, eni mbumba, anandiitana. Anati mwana wa mlongo wawo sangakaime pamaso pa anthu a mfuti thupi lili losakhwima. Anagwira mbuzi, anagwira ine, ulendo kwa sing'anga. Apo n'kuti kutatsala masiku ochepa chabe. Sing'anga uja ananditema mphini pachifuwa, pamsana, m'mikono monse, n'kupakamo zakuda zonunkha. Akuti chipolopolo chizisanduka madzi. Akuti maso a olemba ntchito azigwera pa ine ndekha.

Ndipo anagweradi pa ine, abale anga! Kuthamanga ndinathamanga bwino. Msinkhu unakwana. Mano anakwana. Atati tonse tivule malaya, mayo ine, mphini zija zinali zitatupa, zina zikutuluka mafinya. Dokotala wa asilikali anangondiyang'ana kamodzi. Anati ndipite ndikapole, iwo salemba munthu wa zilonda. Ndinabwerera kumudzi malaya ali m'manja chifukwa kuvala kunkawawa. Amalume anati pali mdani amene anaipitsa mankhwala. Mbuzi inapita, usilikali unapita.

Kenako ndinapeza mwayi wobwera kuno. Yunifomu ndinavala, inde. Nsapato zakuda ndinavala, inde. Koma chida changa chinali rimoti yotsekulira geti. Tsiku lonse kuima, tsiku lonse kumwetulira anthu oti sakukuona n'komwe. Ndipo zaka zimayenda. Mukudziwa kuti usilikali uli ndi malire a zaka, ukapitirira basi, khalas. Ine ndinali nditayandikira malirewo. Ndinkapemphera kuti Ambuye, kodi ndidzafa ndili wa pa geti?

Ku akomodeshoni kwathu ndinkagona chipinda chimodzi ndi mnzanga Mabvuto, wa ku Katete, ku Zambia. Munthu wonenepa, woseketsa, wophika bwino kuposa azimayi ena. Musandiyang'ane choncho amayi, ndati ena. Koma Mabvuto anali ndi mphumu. Fumbi likangowuka, iye chifuwa chatseka, kampope kake ka mankhwala kali kukamwa. Masitepe a nyumba imodzi ankapuma panjira.

Tsiku lina Mabvuto anabwera maso ali gwa, akuti wapeza munthu. Munthuyo ankadzitchula kuti Kaputeni. Wakwathu komwe, Chichewa chake chosalala, wotchi yaikulu, fungo labwino. Anatiitanira pa kashopu ka tiyi kufupi ndi kuntchito kwanga, n'kutigulira tiyi wa karak. Anati kuli dziko lina lozizira limene likulemba asilikali ochokera kunja. Dzikolo lili pa nkhondo, inde, koma ife nkhondoyo sitidzaiona, ntchito yathu ndi ya kumbuyo. Malipiro ake anatchula, ine tiyi anandilowa pena. Kenako anatulutsa foni n'kuyamba kutionetsa zithunzi. Awa ndi a ndege. Awa ndi a pamadzi. Awa amayendetsa magalimoto. Awa amaphika. Awa amalondera nkhokwe.

"Sankhani, madolo," anatero. "Chomwe mtima wanu ukufuna."

Abale anga, kusankha! Ine amene ndinabwezedwa pa bwalo la pa boma ngati galu wa zilonda, lero akuti ndisankhe! Ndinatenga foni ija. A pamadzi ndinawakana msanga, ine wa ku Mchinji madzi ndimawadziwa a m'chitsime. Magalimoto ndinati ndatopa nawo pa geti. Ndinaloza a ndege. Mabvuto analoza kukhitchini, akuti iye nkhondo yake ndi ya anyezi.

Koma mtima wanga unali ndi kamantha. Ndinati munthu uyu ndimuuziretu zoona, asadzandibweze nditafika kale. Ndinamasula mabatani a yunifomu pomwepo, n'kumuonetsa zipsera za mphini zija. Kaputeni sanadzutse n'komwe mutu pa foni. Anangoti mafi mushkila, palibe vuto. Mabvuto anatulutsa kampope kake, kufunsa ngati mphumu siivuta kozizira. Mafi mushkila. Panali bambo winanso wa imvi, wotsimphina mwendo, amene anabwera pambuyo pathu. Nayenso mafi mushkila.

Ine ndinatuluka m'menemo ndikuimba. Ndinati Yehova wayankha! Ndinati khomo limene anthu anatseka, Mulungu watsekula! Tinapereka mapasipoti kwa Kaputeni kuti akonze viza. Kuntchito ndinapereka notisi. Anatipatsa lamulo limodzi lokha: tisauze munthu, ngakhale makolo, mpaka titafika. Akuti ansanje ndi ambiri.

Amayi sindinawauze. Koma panali munthu mmodzi amene sindikanatha kumuzemba. Ali pompano, akhala apo, avala duku lobiriwira. Mayi Nachisale, musabise nkhope. Kwa amene ndinu achilendo, mayi awa amagwira ntchito m'nyumba ina ku Al Markhiya. Ndi amene anandilandira nditangofika, ndi amene anandibweretsa mu mpingo uno. Kwathu munthu suchoka pakhomo pamene unamwapo madzi osatsazika. Umenewo ndi ufiti. Ndiye Lachisanu lina titaweruka ndinawakokera pambali, ndikuti ndingowanong'oneza pang'ono, andidalitse.

Ndinafotokoza zonse ndikumwetulira mano onse pamtunda. Iwo osamwetulira. Ine ndinali nditaiwala kuti malemu amuna awo anali sajeni, ndipo ana awo onse anawalerera m'malaini a asilikali.

"Anakuthamangitsa?" anandifunsa.

"Ayi."

"Anakuvula malaya?"

"Ndinavula ndekha, sanayang'ane."

"Nanga wabweza ndani?"

Ndinati palibe amene wabwezedwa, ndipo kukoma kwake n'komweko.

"Mwana wanga," anatero, "wogula ng'ombe ya pangolo amaiyang'ana mano, amaiyang'ana miyendo, chifukwa akhala nayo zaka. Wa butchala sayang'ana zonsezo. Amene sakukuyang'anitsitsayo sakuyembekeza kuti ukhalitsa."

Abale anga, ndinapsa mtima. Ine ndili ndi mkwiyo, amene mumandidziwa mukudziwa. Ndinati mayi awa ndi amodzi mwa ansanje aja. Ndinati akufuna ndikalambire pa geti ngati mmene iwo akukalambira pa sinki ya madamu. Sindinanene mokweza, koma nkhope yanga inanena. Ndinachoka osatsazika n'komwe, ine amene ndinabwerera kudzatsazika.

Koma mawu aja anandikakamira. Mawa lake ndili pa dyuti, ndikutsekula geti, wa butchala. Ndikutseka geti, wa butchala. Ndinakumbuka bwalo la pa boma lija, mmene anyamata amphamvu ankabwerera chifukwa cha dzino limodzi, chifukwa cha phazi lophwatalala. Ndinakumbuka Mabvuto akupuma pa masitepe. Pa buleki ndinamuimbira Kaputeni. Ndinamufunsa mwaulemu kuti bwana, kodi mayeso a thupi tikachitira kuti, nanga munthu akalephera amabwerera bwanji?

Anaseka. "Usadandaule, dolo. Ife sitibweza munthu."

Iye ankati akundilimbitsa mtima. Ine thukuta linauma, m'dzuwa la Doha lomweli. Ndinati ndasintha maganizo, ndikufuna pasipoti yanga. Pomwepo Chichewa chosalala chija chinatha. Anati pasipoti ili kale m'manja mwa akuluakulu, tikiti yadulidwa, ndipo ndikapanga phokoso andionetsa kuti iye ndi ndani.

Ndinabwerera kwa Mayi Nachisale mchira uli pakati pa miyendo. Wakutsina khutu ndi mnansi, abale. Sananditonze. Anangoti ndimuuze Kaputeni kuti ndikufuna tikumane Lachisanu pa kashopu komweko.

Ha! Tsiku limenelo ndikanakonda nonse mukanakhalapo. Tinalowa, kashopu kali kodzaza. Kaputeni wakhala pakona ndi anyamata ena atsopano, foni ili m'manja, akuwasankhitsa. Mayi awa, amene mumawaona ofatsa akamatsogolera nyimbo, anaika chikwama pa tebulo. Anatulutsa chitenje. Anachimanga m'chiuno, kumangitsa. Amalawi nonse mukudziwa kuti mayi akamanga chitenje choncho, zokambirana zatha. Anayamba kuyankhula mokweza, Chichewa, Chizungu, Chiarabu cha kukhitchini, zonse pamodzi. Anati m'dziko lino kusunga pasipoti ya munthu ndi mlandu, ndipo foni yawo iyi, nambala ya apolisi akuidziwa. Anafunsa Kaputeni kuti usilikali wake anaphunzirira kuti, atchule malo. Sanatchule. Anthu onse anasiya kumwa tiyi. Mwini shopu anatuluka kudzaona.

Kaputeni ankangoti khalas mama, khalas mama. Pasipoti ija, imene inali m'manja mwa akuluakulu, inatuluka m'chikwama chake chomwecho. Aleluya!

Ndinathamangira kwa Mabvuto. Ndinamuchonderera, ndinamugwira mwendo. Mayi Nachisale anamuimbira, anamulalatira, anamulilira. Mabvuto anangoseka. Anati, "Boi, ndiwe wamantha. Ine ndikukaphika chabe, mphika suwombera munthu." Ananyamuka pamodzi ndi bambo wotsimphina uja, ndipo pa malo anga anaikapo mnyamata wina.

Apa ndiye panayambira chigwa changa. Mungaganize kuti ndinayamba kuthokoza Mulungu. Ayi ndithu. Kuntchito supavaiza anavomera kuti ndibweze notisi, koma malo anga a pa geti, pamthunzi, anali atapatsa wina. Anandiika koimika magalimoto, panja, miyezi yotentha ija imene ngakhale mphaka sayenda. Malaya ankanyowa ndisanayambe n'komwe shifiti. Ku akomodeshoni nkhani inali itafala. Ndikamalowa, anyamata ankaimirira n'kuchita sawasha, akuti Jenerali wa Paking'i wafika.

Ndiye Mabvuto anayamba kutumiza zithunzi. Ali mu yunifomu yeniyeni. Chipewa. Mfuti pachifuwa. Kumbuyo kwake kuli mbee, chipale chokhachokha. Akumwetulira. Anyamata ankandiika foni kumaso kuti ona mwamuna mnzako. Ine mtima unkawawa, abale, unkawawa zedi. Ndinati ndataya mwayi wanga wachiwiri chifukwa cha mawu a mzimayi. Ndinasiya kubwera kuno. Ena munandiimbira, sindinayankhe. Baibulo ndinaliika pansi pa sutikesi. Ndinauza Mulungu kuti koyamba munandilanda ndi mphini, kachiwiri mwandilanda ndi chitenje, ndiye mukufuna chiyani kwa ine?

Kenako zithunzi zinasiya kubwera. Mwezi unatha, zii. Wina unatha, zii. Amayi ake a Mabvuto ku Katete anapeza nambala yanga, anayamba kundiimbira. Ankati mwana wawo anawauza kuti wasinthidwa kupita ku hotela ina ya kuno komweku, nanga bwanji foni yake sikugwira? Iwo sankadziwa n'komwe kuti anachoka ku Doha. Ndinawauza ine. Kulira kumene ndinamva tsiku limenelo sindikufuna kudzakumvanso.

Tsiku lina masana, ndili pa buleki, foni inalira, nambala yachilendo. Mawu ake anali aang'ono, ngati a nkhalamba. Anali Mabvuto, ali m'chipatala. Anati khitchini sanaione ndi maso. Atangofika, a ndege, ophika, madalaivala, onse anawaunjika pamodzi. Anawasainitsa mapepala a chiyankhulo choti sachidziwa. Anawaphunzitsa kuwombera masiku owerengeka, n'kuwakweza galimoto, ulendo kutsogolo kwenikweni, kumene eni dziko safuna kupita. Bambo wotsimphina uja anatsalira komweko. Mnyamata amene anakhala pa mpando wanga anatsalira komweko. Mabvuto mwendo umodzi anaudula m'munsi mwa bondo.

Anati, "Boi, sunabwere eti? Usabwere."

Ndinakhala pansi pa phula lotentha lija, sindinamve kutentha. Ndinalira ngati mwana. Ndinalirira Mabvuto. Ndinalirira mnyamata woti dzina lake sindikulidziwa, amene anafa pa malo anga. Ndipo ndinati Ambuye, ndimakukwiyirani chifukwa chondilanda manda! Ndimakukwiyirani chifukwa chondilanda manda! Lachisanu lotsatira ndinabwera kuno, ndinakagwada pamaso pa Mayi Nachisale. Anandidzutsa n'kunena kuti ndaonda, ndiyambe ndadya.

Tsopano imvani mmene Mulungu wathu amachitira zinthu. Chaka chino, chaka changa chomaliza zaka zisanandipitirire, mlongo wanga anandiimbira kuti kwathu alengeza, asilikali akulembanso. Ndinapita kwa supavaiza kukapempha vakeshoni. Munthu ameneyu sapereka vakeshoni wamba, amene mumagwira naye mukuchitira umboni. Anandiyang'ana n'kungoti yalla, pita. Amalume atamva kuti ndafika anayamba kale kuyang'ana mbuzi. Ndinati malume, pepani, ulendo uno mbuzi ikhale, tidzadye pa chikondwerero.

Bwalo lomwe lija, abale anga. Anthu ngati nyerere. Atati thamangani, ndinathamanga! Anzanga ankadandaula dzuwa. Ine ndinati dzuwa lake liti? Munthu woti waima pa paking'i ya Doha miyezi yotentha, dzuwa la ku Mchinji ndi mthunzi. Malo aja ndinkawayesa chilango, kani anali maphunziro. Anatiyeza msinkhu. Anatikanula pakamwa. Anatiyang'ana maso, makutu, mapazi, ndi kwina kosatchula mu tchalitchi. Dokotala anadina zipsera zanga chimodzichimodzi, kundifunsa mafunso, kundimvera chifuwa, kunditenga magazi. Anati zinapola kalekale, dutsa. Ambiri ankabwezedwa, ndipo ndinawamvera chisoni chifukwa ululu wake ndimaudziwa. Koma mumtima ndinali ndi mtendere. Ndinati anthu awa akundiyang'anitsitsa chonchi, ndiye kuti akufuna ndikhalitse.

Pomaliza ndinalimba mtima. Panali sajeni wina wamfupi, mawu ngati bingu. Ndinamufunsa kuti bwana, kodi nditha kusankha a ndege? Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe, kuno si ku lesitilanti. Uyambe wakwawa m'matope, ife tidzaona kumene ukuyenera."

Abale, sindinakondwerepo ndi kukalipiridwa ngati tsiku limenelo! Ndinati zikomo bwana, iye anadabwa kuti mnyamata uyu mutu wake ukuyenda bwino?

Ndinabwerera kuno kudzapitiriza ntchito ndikudikira. Lolemba lapitali, ndili pa dyuti, foni inalira. Anali asilikali a kwathu, akundiitana. Anditenga! Anditenga, abale anga! Ine Fatsani, anditenga! Ndinakuwa pa paking'i paja mpaka bwana wina anatsitsa galasi la galimoto kufunsa ngati ndalumidwa ndi chinthu. Imbani m'manja, osati chifukwa cha ine, chifukwa cha Yehova!

Lero zinthu zili chonchi. Notisi ndapereka, ulendo uno mwadongosolo. Kumapeto kwa mwezi ndikukwera ndege ya kwathu. Ndikakhala ndi amayi masiku angapo, ndikawolokanso boda kupita ku Katete kukaona amayi ake a Mabvuto, kenako ndikukayamba maphunziro. Nthambi sindikuidziwa. Kaya a pansi, kaya a ndege, kaya andiponya pamadzi ndikaphunzire kusambira ndili wamkulu, ndipita. Malipiro ake ndi ochepa kuposa a kuno, ndikudziwa. Mabvuto akadali uko, abale ake akuyesetsa kuti abwerere, musaleke kumupempherera.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandikaniza chimene ndinkalilira. Ndikuthokoza abusa. Ndikuthokoza inu amene munkandiimbira ine osayankha. Mayi Nachisale, mawu andithera, Mulungu yekha akubwezereni.

Koma ndisanakhale pansi, pali chinthu chimodzi. Kaputeni uja sanachoke mu Doha. Anasintha shopu, anasintha nambala. Sabata yathayi ndikuchokera kuntchito ndinamuona pawindo, ndipo amene anakhala naye, akuloza pa foni, ali muno. Sindikutchula dzina. Sindikuyang'ana n'komwe mbali yako. Ndikudziwa kuti anakuuza kuti usauze munthu, ndipo ndikudziwa mmene mtima wako ukugundira panopa, chifukwa wanga unagunda chimodzimodzi. Tikaweruka ine sindikwera basi yoyamba. Ndikhala panja pafupi ndi thanki ya madzi, nambala ya Mabvuto ili m'foni mwanga. Usamve za ine. Bwera udzayankhule naye wekha.

Dzina la Ambuye lilemekezeke. Amen.